Dzina la Livingstone m'makaundula a ku Blantyre wa ku Scotland

Kumadzulo kwa Scotland kuli zilumba zambirimbiri zamiyala, kwamphepo ndi mvula yosakata, ndipo zaka 300 zapitazo anthu a kumeneko ankayankhula chinenero chawochawo cha Gaelic, osati Chingerezi. Munthu ankadziwika ndi mzere wa makolo ake: uje mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Pamwamba pa zimenezo ndiye pankabwera dzina la fuko. Limodzi mwa mafuko ang'onoang'ono a ku Argyll linali la MacLea, ndipo phata lake linali pa chilumba cha Lismore. Banja lotsogolera fukoli, la ku Bachuil, linali ndi ntchito imodzi yosiyirana: kusunga ndodo ya Moluag, mlaliki amene anafika ndi Chikhristu pachilumbapo m'zaka za m'ma 500. Chikalata cha mu 1544 chochokera ku banja la mafumu a Argyll chimatsimikiza kuti malo amene ankakhalapo ndi awo chifukwa cha ntchito imeneyo. M'chikalatacho mulibe dzina loti Livingstone.

Dzinalo kwawo ndi kuchigwa, pakati pa Edinburgh ndi Glasgow, kumene kuli malo otchedwa Livingston potengera munthu wina dzina lake Leving, wa m'zaka za m'ma 1100. Eni dzinalo anali anthu apamwamba, okhala m'nyumba zamalinga, odyera limodzi ndi mafumu a dziko. Nanga alimi osauka a kuzilumba analitola kuti? Mu 1641 Mfumu Charles I inabwereketsa minda ya mpingo ya ku Argyll kwa James Livingston wa ku Skirling, ndipo mkuluyu anakakhalako ndithu ku Lismore. Olemba mbiri ambiri amaloza nthawi imeneyi kuti ndi pamene a MacLea anayamba kuusa mumthunzi wa dzina la mlendo wamphamvuyo. Pofika zaka za m'ma 1700, munthu wa fukoli akaima pamaso pa m'busa kapena kalaliki wolemba m'Chingerezi ankalembedwa kuti Livingston, koma akabwerera kumudzi ankaitanidwa ndi dzina lakale lija. Wofufuza amene sadziwa zimenezi amatha miyezi akuvundukula mabuku a mabwana a kuchigwa, kusakasaka ubale woti kulibe.

Pa 16 Epulo 1746 kunali nkhondo ya ku Culloden, pamene mafuko a kumapiri amene ankafuna kubwezera banja la Stuart pampando anagonja kwa asilikali a boma. A Livingstone anamenya nawo kumbali ya a Stewart a ku Appin, ndipo mpaka lero amamutchulabe mnyamata wina, Donald Livingstone, amene anapulumutsa mbendera ya gululo oinyamula atagwa mmodzimmodzi. David Livingstone, amene ife timamudziwayu, analemba kuti bambo wa agogo ake anafera pa nkhondo imeneyi. Nkhaniyo anaimva pakamwa pa akuluakulu kwawo. Pabwalo la nkhondolo simungapeze choitsimikiza, chifukwa akufa anawakwirira m'maenje aakulu, ndipo miyala imene anaimikapo mu 1881 ili ndi mayina a mafuko okhaokha. Nkhondo itatha boma linathyola mphamvu za mafumu a mafuko, linaletsa ngakhale zovala zawo mpaka 1782, ndipo mafumuwo pang'onopang'ono anasanduka eni minda ofuna lendi ya ndalama kwa abale awo omwe.

Masiku amenewo boma silinkalemba za kubadwa kapena kumwalira kwa munthu. Ntchitoyo inali ya mpingo wa Church of Scotland, parishi iliyonse ndi buku lake. Buku lakale kwambiri limene lilipobe linayamba mu 1553, koma kuzilumba maparishi ambiri anayamba kulemba mochedwa, ena zaka za m'ma 1700 zitapita kale pakati. Bukulo silinali la kubadwa ayi, linali la ubatizo ndi la kulengeza maukwati. Wolemba anali mlembi wa seshoni, amene nthawi zambiri analinso mphunzitsi wa pamudzi, ndipo ankalandira kangachepe pa dzina lililonse. Kuyambira 1783 mpaka 1794 boma linawonjezerapo msonkho wa mapeni atatu pa mzere uliwonse, choncho osauka ena ankangobatiza mwana n'kuzemba kaundula. Maliro ndiye sankalembedwa kawirikawiri. Wofufuza amadziwa kuti uje anamwalira chaka chakuti akapeza m'buku la ndalama za mpingo kuti abale ake analipira pobwereka nsalu yakuda yofunditsa bokosi. Komabe mabukuwa ali ndi ubwino umene a ku England kawirikawiri alibe: mkazi amalembedwa ndi dzina la kwawo ngakhale ali pabanja. Mzere wa kuchikazi sutayika msanga.

Apa ndi pamene banja la David limayamba kuoneka bwino. Pa kachilumba ka Ulva, pafupi ndi chilumba chachikulu cha Mull, pankakhala mlimi wamng'ono Neil Livingstone ndi mkazi wake Mary Morrison. Ulva inali ya fuko la MacQuarrie, koma mfumu yawo ngongole zitaichulukira inagulitsa chilumbacho mu 1777. Ana a Neil ankachuluka, munda sunkakula. Mu 1792 anamanga katundu kulowera kumwera kukafuna ntchito. Asananyamuke anatenga kalata kwa m'busa wa parishi yawo ya Kilninian yochitira umboni kuti ndi munthu wapabanja, wa makhalidwe abwino. Aliyense amene anakulira mu CCAP aidziwa kalata yotereyi, chifukwa ndi kholo la kalata yosamukira imene mkhristu amatenga kwa abusa akamachoka ku Nkhoma kupita ku Ndirande. Popanda iyo mlendo akanavutika kuti alandiridwe mumpingo wa kumene akupita, ndiponso olemba ntchito akanamukayikira. Kwa wofufuza wa lero kapepala aka n'kamtengo wapatali kuposa mabuku akuluakulu, popeza ndi kamene kamalumikiza chilumba ndi tauni. Mabanja ambiri a m'mafakitale mzere wawo umadukira pamenepa: amangotulukira m'buku la parishi ya m'tauni ali kale ndi ana, osadziwika kumene achokera.

Kumene Neil anafikira ndi ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mtunda wa makilomita pafupifupi 13 kuchokera ku Glasgow. Fakitale yopota thonje ya kumeneko anaiyambitsa David Dale mu 1785, makina ake akuyendetsedwa ndi madzi a mtsinjewo. Chaka chomwecho chimene Neil anafika, fakitaleyo inagwa m'manja mwa James Monteith, ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina la Henry Monteith & Co. Anthu a kuchigwa ntchito ya m'fakitale sankaikonda, kutsekeredwa tsiku lonse n'kumayendera belu, choncho eni mafakitale ankalandira ndi manja awiri mabanja othawa umphawi kumapiri ndi kuzilumba, makamaka okhala ndi ana ambiri. Kampani inamanga mudzi wonse: nyumba, sukulu, sitolo. Imodzi mwa nyumbazo inali Shuttle Row, yosanjikizana katatu, mokhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi cha mamita pafupifupi 4 mulitali ndi 3 mulifupi. Mabedi awiri ankalowa m'mphako za pakhoma, ndipo pansi pake ankasungamo timabedi ta matayala totulutsa usiku kuti ana agonepo. Kuphika, kudya, kuchira mwana ndi kudwazika matenda, zonse m'chipinda chomwecho, madzi okatunga panja n'kukwera nawo masitepe ozungulira. Thonje limene ankapotalo linkachokera kutsidya la nyanja ya Atlantic, m'minda yolimidwa ndi akapolo, mfundo imene mabuku athu a kusukulu sankaitchula pokamba za ubwana wa munthu wodana ndi ukapolo uja.

Neil wamkuluyu anakhulupirika kwa mabwana ake mpaka anamupatsa ntchito yonyamula ndalama zambiri kuchokera ku Glasgow kupita nazo kufakitale, ndipo atakalamba anamupatsa penshoni. Ana ake aamuna analembedwa ukalaliki pakampanipo, kenaka ambiri analowa usilikali wa pamtunda ndi wa panyanja pa nkhondo zolimbana ndi France. Amene anatsala pakhomo ndi Neil wamng'ono, wobadwira ku Ulva mu 1788. Iyeyu anaphunzira utelala kwa David Hunter, ndipo mu 1810 anakwatira mwana wa mphunzitsi wakeyo, Agnes Hunter. Pambuyo pake anasiya singano n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba a tiyi. Mwana wawo wachiwiri anabadwira ku Shuttle Row pa 19 Malichi 1813, ndipo anamutcha David potengera agogo ake a kuchikazi.

Kutchulana mayina kotereku ndiko kumasokoneza ofufuza m'matauni a mafakitale. Mayina ndi omwewomwewo: Neil mwana wa Neil, John, Charles, Agnes mwana wa Agnes. Mwana akamwalira ali wakhanda, dzina lake ankalipereka kwa wobadwa pambuyo pake, ndiye m'buku limodzi mumapezeka ana awiri a dzina limodzi, makolo amodzi, zaka zosiyana. Chimene chimapulumutsa ndi dzina la mayi lija, ntchito ya bambo ndi malo okhala. Vuto lina ndi kalembedwe. Kalaliki ankalemba monga wamvera, ndipo palibe ankadandaula. Banja la ku Blantyre linkalemba Livingston, popanda e kumapeto, ndipo David mwiniyo ankasayina chomwecho pa makalata ake ali mnyamata, ngakhalenso zaka zambiri ali kale mu Africa.

Za ubwana wake n'zodziwika. Analowa m'fakitale ali ndi zaka 10, ntchito yake kulumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenaka sukulu ya kampani mpaka 10 koloko. Lamulo la mu 1819 linali litaletsa kulemba ana osafika zaka 9 m'mafakitale a thonje, koma panalibe oyendera kuti aone ngati likutsatidwa. Oyenderawo anabwera ndi lamulo la mu 1833, limene linafunanso kuti dokotala aziona mwana n'kulemba chikalata choti msinkhu wake wakwana. Anachita kudalira maso a dokotala chifukwa ana ambiri analibe pepala lililonse losonyeza tsiku lobadwa. Kumeneko ndiye kuperewera kwa makaundula a mpingo kumene boma linayamba kukuona.

Kuperewerako kunkakulirakulira chifukwa anthu ankatuluka mumpingo wa boma. Neil wamng'ono uja cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830 anachoka mu Church of Scotland n'kulowa mpingo woima pawokha wa ku Hamilton, tauni yoyandikana nayo. Munthu akatero, zochitika za banja lake nthawi zambiri sizinkalowanso m'buku la parishi. Mu 1843 ndiye kunagwa chigumula: abusa oposa 450 anatuluka n'kuyambitsa Free Church of Scotland, ndipo ana ambirimbiri obadwa zaka zotsatira sapezeka m'mabuku akale aja. Mipingo iwiri yopatukanayi ndi yomwe inadzafika kwathu kuno, wa Free Church n'kuyambitsa Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, wa boma n'kuyambitsa mishoni ya Blantyre mu 1876.

Kalembera woyamba wolemba dzina la munthu aliyense anachitika usiku wa pa 6 Juni 1841. Wofuna David m'kalembera ameneyu ataya nthawi, chifukwa anali atafika kale ku Cape Town mu Malichi chaka chomwecho. Mng'ono wake Charles anali ku America pa sukulu ya Oberlin, mkulu wake John anakakhazikika ku Canada, ndipo makolo ndi alongo awiri, Janet ndi Agnes, anadzakhala ku Hamilton. Dzina limene linalowa mu Blantyre mu 1792 silinakhalitsemo kupitirira mibadwo itatu. Umu ndi mmene matauni a mafakitale analili: malo opumirapo paulendo, osati mudzi wa makolo. Kalembera wa mu 1841 alinso ndi msampha wake, pakuti zaka za akuluakulu ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, ndiye wa zaka 53 ankalembedwa 50. Wa mu 1851 ndi amene anayamba kufunsa parishi yobadwira, funso limene limabwezera mabanja ambiri a m'tauni kuzilumba kwawo.

Pa 1 Januwale 1855 boma linatenga ntchito yolemba kubadwa, ukwati ndi imfa mu Scotland monse. Linachedwa poyerekeza ndi England, amene anayamba mu 1837, koma linachita bwino koposa. Kaundula wa imfa wa ku Scotland amafunsa dzina la bambo wa malemuyo, ntchito yake, ndi dzina la mayi la kwawo. Nkhalamba yomwalira mu 1856 imakutengerani kwa makolo amene anabadwa cha m'ma 1750. Neil anamwalira mu Febuluwale 1856, mwana wake David akutsika ndi Zambezi kulowera ku Quelimane, ndipo Agnes Hunter anatsatira mu 1865. Onse awiri anagwera m'nthawi ya kaundula watsopanoyu. Akanafulumira ndi zaka ziwiri zokha, bamboyo akanatsala ndi mwala wa pamanda basi.

Pamene buku la David la Missionary Travels linkatuluka mu 1857, e uja anali atakhazikika kumapeto kwa dzina, ndipo ndi kalembedwe kameneka kamene kanafala padziko lonse. M'mawu oyamba a bukulo akufotokoza kuti agogo ake ankatha kutchula makolo awo mibadwo isanu ndi umodzi kubwerera m'mbuyo, ndi nkhani za aliyense. Kunena zoona, nkhalamba yonyamula ndalama za a Monteith ija inkadziwa zambiri za banjali kuposa zonse zimene makaundula anasunga, koma mdzukulu wake analembako zochepa chabe, ndipo mayina a mibadwoyo sanawaike m'bukumo. Mu 1864 David anapita ku Ulva kukaona kwa makolo ake. Anapeza chilumba cha mabwinja, chifukwa Francis William Clark, amene anachigula mu 1835, anali atathamangitsa anthu ambiri kuti aweterepo nkhosa. Mwa anthu pafupifupi 600 amene analipo kale, pofika 1851 anatsala osakwana 200.

M'badwo wotsatira dzinali linayamba kuzimirira. Mwana woyamba wa David, Robert, analowa usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, m'gulu la 3rd New Hampshire, koma analembetsa kuti ndi Rupert Vincent. Analembera bambo ake kuti wasintha dzina poopa kulichititsa manyazi. Anavulala, adani anamugwira, ndipo anamwalira m'ndende ya ku Salisbury, North Carolina, mu Disembala 1864 ali ndi zaka 18. M'mabuku a asilikali mulibe Livingstone ameneyu. Amene satsata makalata a m'banja sangamupeze. Ana ena aamuna, Thomas ndi Oswell, sanasiye mwana wamwamuna. Magazi a David anapitirira mwa ana aakazi: Anna Mary anakwatiwa ndi Wilson, ndipo mwana wawo Hubert Wilson anadzakhala dokotala wa mishoni ku Chitambo ku Zambia, dera limene agogo ake anamwalirira mu 1873. Agnes anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh.

Banja la Bruce ndi limene linatenga malo a maekala oposa 160,000 ku Magomero, pomwe David anafikitsa Bishopu Mackenzie mu 1861. Woyang'anira malowo kuyambira 1893 anali William Jervis Livingstone, amene anthu a ku Chiradzulu ankamutcha Listonia. Mbiri yake njodziwika: thangata wosatha, kumenya antchito, kuwabera malipiro, kutentha matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga pamalopo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anamupha m'nyumba mwake n'kumudula mutu, koma mkazi wake ndi ana sanawapweteke. Kawirikawiri timamva kuti Listonia anali m'bale wake wa David Livingstone, ndipo ena amafika ponena kuti mdzukulu. Mdzukulu weniweni pamalopo anali Alexander Livingstone Bruce, mwana wa Agnes, bwana wa Listonia, amene ndondomeko zankhanzazo zinali ndi chilolezo chake ngakhale sakumbukidwa kwambiri. Listonia anabadwira ku Lismore mu 1865, m'banja la ku Bachuil losunga ndodo lija. Anali a fuko limodzi ndi a ku Ulva, dzina lobwereka lomwelo, koma makaundula a maparishi awiriwo sapereka kholo limodzi lowalumikiza. Khanda lake limene linapulumuka usiku umenewo, Alastair, ndi limene mu 2003 bwalo la Lord Lyon, loona za mafuko ku Scotland, linalivomereza kukhala mfumu ya fuko la MacLea.

Ku Blantyre wa ku Scotland kuja thonje linali litayamba kale kugonja kwa malasha. Migodi inabweretsa mabanja atsopano, ambiri ochokera ku Ireland, ndipo ngozi ya mumgodi ya pa 22 Okutobala 1877 inapha anthu oposa 200. Kampani ya Monteith inatha mu 1904, nyumba zambiri za antchito zinagwetsedwa, ndipo Shuttle Row inali pafupi kutsatira pamene anthu anasonkha ndalama, ana a Sande sukulu omwe, n'kuisandutsa nyumba ya chikumbutso mu 1929. Anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021.

Mabuku a maparishi sali ku Blantyre kapena ku Mull. Lamulo lomwe lija loyambitsa kaundula wa boma linalamula kuti onse asonkhanitsidwe ku Edinburgh, ndipo lero ali m'manja mwa National Records of Scotland. Zithunzi za masamba ake zili pa intaneti, pa ScotlandsPeople, pamodzi ndi makalembera ndi makaundula a imfa; kufufuza dzina n'kwaulere, kuona tsamba lenileni n'kolipira. Amene mukufuna kulondola nokha banjali, yambani ndi imfa ya Neil ya mu 1856 ku Hamilton, mubwerere ku parishi ya Blantyre, kenaka ku Kilninian. Paliponse yesani kalembedwe konse kuwiri, ka e ndi kopanda e, ndipo mukafika ku Argyll muyesenso MacLea ndi McLeay.